Mchere wa Nsomba za Che Swadick

Ine ndi Che Swadick takhala m'banja zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sanandibweretserepo mkazi mnzanga ngakhale chipembedzo chathu chimalola. Anzanga kuno ku Lungwena ankandisirira, amvekere Abiti Uladi iwe ndiye unapata mwamuna. Ine ndinkangowayang'ana. Sankadziwa kuti mkazi mnzanga analipo kalekale, kungoti sankavala chitenje. Bambowa mtima wawo wonse unali pa nsomba, ine ndinkangolandira zotsala.

Sanali msodzi wa maukonde a chilimira kapena a matchera ngati amuna a anzanga. Ntchito yawo inali yomira pansi pa madzi, kumiyala cha ku Makanjira uko, galasi lili kumaso, kukagwira mbuna zamoyo. Mbuna ndi tinsomba tija timakhala m'miyala, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere, toti ngakhale utakazinga khumi mwana sangakhute. Kampani ina inkatigula n'kumatikweza ndege, ati kunja anthu amatiika m'magalasi n'kumangotiyang'ana. Ine ntchito yanga ndi yofutsa usipa. Ndimauwiritsa m'madzi amchere, kuuyanika pathandala, kenako kukagulitsa ku boma. Choncho m'nyumba imodzi munali wina wovutikira kuti nsomba zisafe, ndi wina wodikira zife kuti azithire mchere, ndipo tinkakhala bwinobwino.

Chaka chatha mu Febuluwale, akuchokera ku mzikiti masana, anagwa pakhonde. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafooka, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. Anesi anandiuza kuti mchere asaulawenso chifukwa BP yawo inali kumwamba, ndipo anatipatsa kampira koti azifinya ndi dzanja lodwalalo kuti lidzuke. Kampirako anakaponya kuseri kwa nyumba tsiku lachiwiri, ndi dzanja lamanzere, ndipo kanakagwera kutali ndithu.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere ndi kudya. Munthu wamkulu, Msilamu wa swala zisanu, wosaphonya mapemphero a tsiku, kudya ndi dzanja lamanzere anakaniratu. Ndikati ndiwadyetse ndi supuni, manyazi. Ankayasamula kawiri katatu basi n'kutembenukira kukhoma. Ndiwo zopanda mcherezo ndiye zinangoonjezera moto. Munthu anayamba kutha ndikuona, mkanjo wawo wa Lachisanu n'kumangolendewera ngati uli pa msomali. Ndinkakalipa, ndinkanyengerera, ndinkalira kuseri kwa thandala, koma mbale inkabwerera yodzaza.

Amene anatipulumutsa nthawi imeneyo ndi mwana wathu Iddi. Iddi ali ku Joni, ku Durban, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi. Mwana wa ng'ona salephera kuyangalala: atafika kumeneko anakapeza ntchito m'shopu yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, kungoti zakezo ndi za m'nyanja yamchere. Iyeyu anatumiza kudzera kwa matransipota kapampu kopopera mpweya m'madzi, sola ndi batire lake, n'kuuza mmisiri wa mawindo ku boma kuti amate thanki yagalasi yolowa ndowa zisanu. Anzawo akale a Che Swadick anabweretsa miyala ndi mbuna zisanu ndi zinayi. Thankiyo tinaiika pabalaza, pafupi ndi windo.

Abale inu, munthu anasintha. Ankakhala pampando kuyambira m'mawa, maso ali pagalasi. Ndikabwera ndi phala n'kufikitsa supuni pakamwa, ankayasamula osazindikira n'komwe kuti akudyetsedwa. Munali nsomba ina yaimuna, yabuluu ndi mizere yakuda, imene inkathamangitsa zinzake zonse pamwala wake. Imeneyo anaitcha Kapitawo, ndipo dzina limeneli ankalitchula momveka bwino kuposa langa loti Ajira, limene chidwalireni anali asanalitchuleko. Ndisaname, nsanje inandigwira. Ndiye tsiku lililonse ndikamadutsa pabalaza ndinkati tsiku lina ndidzazifutsa zimenezi, mchere ndili nawo thumba lathunthu, Kapitawo wanuyo ndidzayamba ndi iyeyo. Iwo ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa n'kundiopseza ndi ndodo. Anali macheza athu atsiku ndi tsiku.

Kenako ndinachita chinthu chopusa, chifukwa cha chikondi chomwecho. Munali mu Juni, mwera ukuomba, kukuzizira. Ndili pagombe kugula usipa, ndinaona kansomba kachikasu kakusambira m'madzi a m'kati mwa bwato la Oscar, msodzi amene ndimagulako nthawi zonse. Kanali kambuna kokodwa mu ukonde mwangozi. Oscar anati ingotengani mayi, palibe amene angagule zimenezo. Ndinakaika m'ndowa, kufika nako kunyumba bambo akugona tulo ta masana, n'kukakhuthulira m'thanki. Atadzuka anakaona nthawi yomweyo. Analoza ndi chala n'kundiyang'ana. Ine ndinati kaya, mwina kabadwira momwemo, n'kupita kukhitchini ndikumwetulira ndekha.

Patapita masiku asanu zinthu zinayamba kuvuta. Nsomba zinkadzikhula pamiyala ngati mbuzi ya mphere. Zipsepse zinazipinda, chakudya osachifuna, zina n'kumangoyandama pafupi ndi pamene pamatuluka mpweya. Tsiku lotsatira pathupi pawo panaoneka timadontho toyera, ting'onoting'ono, paliponse mpaka kumchira. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri tinapeza ziwiri zitafa.

Che Swadick anayang'anitsitsa timadontho tija nthawi yaitali, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine, ndi maso amene sindinawaonepo m'zaka zonsezi.

"Mchere," anatero. "Iwe."

Poyamba sindinamvetse. Nditayang'ananso pagalasi ndinaona chimene iwo ankaona. Timadontho tija tinkaonekadi ngati munthu wawaza mchere wosalala pa nsombazo. Ndipo ndani m'nyumba muja amene kwa miyezi itatu ankalonjeza tsiku ndi tsiku kuti adzazifutsa? Ndinalumbira, Wallahi, ndinatchula makolo anga onse, koma iwo anangobwezera maso pagalasi. Zinandiwawa kwambiri. Phala la tsiku limenelo sanalikhudze, ngakhale supuni imodzi.

Masana, nthawi imene Iddi amapuma kuntchito, ndinamuimbira foni ya vidiyo. Anandiuza kuti ndifikitse foni pagalasi, ndiyendetse pang'onopang'ono. Anayamba kufunsa ngati dokotala: kodi zikudzikhula pamiyala, zikupuma mothamanga, madzi azizira kuposa kale? Zonse ndinati inde. Kenako anafunsa ngati talowetsamo nsomba yatsopano masiku amenewa. Apa ndinati netiweki ikuvuta m'nyumba muno, n'kutuluka kukaima kuseri kwa thandala, ndipo kumeneko ndinaulula za kachikasu ka kwa Oscar.

Mwanayo sanandikalipire, anangopuma mozama. Anati timadontho tija si mchere, ndi tizilombo tating'ono kwambiri timene timaboola khungu la nsomba n'kukhala mkati. Tikakhuta timagwera pansi pa thanki, kuswana mazanamazana, n'kubwereranso kukakwera nsomba. M'nyanja yaikulu tambiri timasochera osapeza nsomba, koma m'galasi nsomba ilibe kothawira, makamaka ikafooka ndi kuzizira. N'chifukwa chake kushopu kwawo nsomba yachilendo amaisunga payokha milungu ingapo isanakumane ndi zinzake. Ine ndinangoti zikomo aphunzitsi, zimenezo mukanandiuza kale, tsopano nenani mankhwala ake.

Anati kwawoko nsomba za m'nyanja yamchere zikagwidwa ndi tizilombo ta pakhungu, nthawi zina amaziviika kanthawi kochepa m'madzi opanda mchere, chifukwa tizilomboto sitipirira madzi amene sitinawazolowere. Zathuzi ndi za madzi opanda mchere, ndiye nkhani yake ingotembenuzidwa.

"Amayi, muthiremo mchere," anatero.

Ndinakhala pansi pa mchenga pomwepo. Ndinamuuza kuti iwe Iddi, ine ndathira nsomba mchere kuyambira usanabadwe, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inadzuka n'kusambira. Mchere ndi wa nsomba yakufa, zimenezi ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa. Iye anaseka, anati si wofutsira ayi, ndi wochita kuyeza: supuni ziwiri pa ndowa iliyonse, wosungunula kaye m'madzi ofunda, wothira pang'onopang'ono kwa masiku atatu. Zikatero tsiku lililonse ndizichotsa ndowa imodzi ya madzi a pansi ndi paipi, n'kubwezeramo a pamjigo, osati a kunyanja, ndi supuni zake ziwiri. Thanki ndiifunditse kuti madzi asazizire. Ndipo anatsindika kuti ndi milungu iwiri yathunthu, ngakhale timadontho titasowa, monga mmene timamalizira mankhwala a malungo thupi litapepuka kale.

Tsopano tamverani uchitsiru wanga wachiwiri. M'malo moyamba ndawafotokozera bambo, ndinangopita pathumba, kutapa mchere wamibulu ndi beseni lomwe lija ndimafutsira usipa, n'kulowa nalo pabalaza nditalinyamula ndi manja awiri. Che Swadick ataona beseni lija anachita chinthu chimene anesi analephera kuwachititsa miyezi inayi. Anaimirira okha. Anadzikoka mpaka kukaima pakati pa ine ndi thanki, n'kumenya beseni ndi ndodo. Mchere unamwazika pabalaza ponse.

"Choka," anatero.

Ine mkazi wawo, wowasambitsa, wowatembenuza pamphasa, kundiuza kuti choka chifukwa cha tinsomba tosakwana ndiwo? Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo zimene sindingazibwereze pano. Ndinaimbiranso Iddi kuti awauze yekha, koma bambo ake atangomva mawu akuti mchere anakankha foni. Kwa iwo Iddi anali mwana wa amayi ake, ndiponso munthu wa nsomba zamchere, mbuna angazidziwire kuti. Mpando wawo anaukokera pafupi ndi galasi n'kukhala pamenepo ngati mlonda, ndodo ili pamiyendo.

Anakhala choncho masiku awiri. Ankangomwa tiyi pang'ono, mwina ndi madzi a mankhwala. Kachikasu kaja kanafa, kenako inanso. Kapitawo anasiya mwala wake n'kukagona pansi pakona, thupi lonse lili mbuu ndi timadontho, makha akungotsegukatseguka. Ndikayang'ana nsombayo n'kuyang'ana mwini wake, mantha ankandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti ikapita imeneyi bambowa sadzayasamulanso pakamwa. Mkwiyo wanga unathera pamenepo.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinatenga mchere pang'ono m'kasosala ka tiyi, supuni, ndi jagi ya madzi ofunda. Ndinaziika patebulo patali ndi thanki, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Bambo a Iddi," ndinatero, "kachikasu kaja sikanabadwiremo. Ndinakatenga ine m'bwato la Oscar kuti ndikusangalatseni, ndipo ndi kamene kanabweretsa matendawa. Kulakwa kwanga ndi kumeneko. Mchere sindinathiremo, ndipo sindithiramo. Supuni ndi iyo. Mukafuna thirani nokha, mukapanda kufuna tizisiye zife."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenako mbali yabwino ija ya pakamwa inagwedezeka pang'ono, ndipo anandionetsa chala chawo chamkombaphala, kutalika kwa kansomba kaja, n'kupukusa mutu. Ndinamva chimene ankatanthauza. Munthu amene wathera moyo wake pansi pa madzi ungamunamize kuti mbuna imabadwa itatalika ngati chala? Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti ndi mphatso yanga, anangondisiya ndi bodza langalo. Koma zoti mphatsoyo ingabwere ndi matenda sankazidziwa, chifukwa iwo ntchito yawo inkathera pogwira, zosunga m'matanki zinali za ena.

Ndinawafotokozera zonse zimene Iddi ananena, pang'onopang'ono, za tizilombo togwera pansi ndi kuswana kwake. Anayang'ana Kapitawo pakona paja. Kenako anakodola kuti ndisendeze tebulo.

Anatambasula dzanja lamanzere kuti atenge supuni, koma lisanafike analibweza. Mankhwala ndi chakudya n'chimodzimodzi, munthu sapereka ndi kumanzere. Anagwira dzanja lamanja lija, limene linkangogona pamwendo chigwereni pakhonde, n'kulikweza patebulo. Zala zinakana kugwira. Anayesanso, supuni inagwa. Ndinafuna kuwathandiza koma anandiyang'ana ndi diso lija, ndiye ndinangogwira jagi. Ulendo wachisanu supuni inakwera ikunjenjemera, theka la mchere likutayikira patebulo, ndipo ndinamva akunong'ona Bismillah. Supuni zitatu za tsiku loyambalo zinatitengera pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu pamphumi ngakhale kunja mwera unkaomba. Anatakasa okha mpaka mchere unasungunuka, ine n'kuthira m'thanki pang'onopang'ono iwo akuyang'anira.

Titamaliza ndinabweretsa phala. Ndinati kuchipatala kulikonse dokotala amayamba wadya asanaone odwala, ndipo wosadya mawa supuni saigwira. Anang'ung'udza, koma anayasamula. Anadya theka la mbale.

Kuyambira pamenepo pabalaza panasanduka wodi. Thanki tinaifunditsa bulangete langa la ku Joni, limene Iddi ananditumizira ine mayi ake, ndipo ndinkangotsegula kutsogolo kuti adokotala aziona odwala awo. M'mawa ndi madzulo ndinkayandamitsamo mabotolo a madzi ofunda. Ndinkapita kumjigo, kubwera, kuyamwa paipi kuti madzi a pansi atuluke, ndipo kawiri konse ndinameza madzi a nsomba, bambo n'kumaseka mpaka kutsokomola. Usipa wanga sabata imeneyo ndinauiwala, anzanga pagombe ankafunsa ngati ndasiya geni. Koma supuni sindinaikhudze ngakhale tsiku limodzi. Imeneyo inali ntchito yawo, ndipo mchere wotayikira patebulo unkachepa tsiku ndi tsiku.

Inafanso imodzi, yaing'ono, tsiku lachitatu. Zinatsala zisanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinadzuka timadontho titasowa, Kapitawo atadzuka pakona n'kuyamba kunyambita ndere pamwala. Ine ndinati Alhamdulillah, zatha, bulangete langa libwerere, msana wanga wathyoka ndi mjigo. Zimene Iddi ananena za mankhwala a malungo ndinali nditazitaya kale. Che Swadick anamenya ndodo pansi. Anandionetsa zala zisanu za kumanzere, kenako anakweza dzanja lamanja n'kutambasula zitatu, chimodzichimodzi, movutikira. Masiku asanu ndi atatu otsala. Munthu yemwe uja anamwaza beseni langa tsopano ndiye anali kapitawo wa mchere, ine wantchito wake. Ndinanyamula ndowa n'kubwerera kumjigo ndikung'ung'udza njira yonse.

Tsiku lomaliza linali Lachinayi. Anayeza supuni ziwiri zija osataya ngakhale kambulu kamodzi, anatakasa, ine n'kuthira. Kapitawo anali atayambiranso nkhanza zake, akuthamangitsa zinzake zinayi uku ndi uku, buluu wake akuwala. Ndikupinda bulangete ndinaona ndi pakona pa diso bambo akukweza supuni ija n'kuinyambita mofulumira, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Miyezi inayi ndi theka osalawa mchere, munthu wa kunyanja. Ndinati ndaona, ndipo ndikanena kwa anesi. Iwo anangoyang'ana kudenga ngati si iwo.

Masana ndinaphika mpunga ndi nyemba, zopanda mchere monga mwa lamulo. Ndinabwera ndi mbale ndi supuni yodyetsera, n'kukhala pamalo panga pa masiku onse. Nditakweza supuni anaikankhira kumbali. Ndinati tayambiranso. Koma iwo analoza beseni losambira m'manja. Ndinawathirira madzi, anasamba dzanja lamanja, n'kulilowetsa m'mbale. Anaumba kambamu kakang'ono, kophwanyikaphwanyika. Wina mpunga unagwera pamkanjo, wina pansi, koma wotsalawo unafika pakamwa. Anatafuna, anameza, n'kubwezanso dzanja m'mbale.

Ine ndinangowerama n'kumatola mpunga wogwawo kamodzikamodzi, chifukwa sindinkafuna kuti aone nkhope yanga. Kenako ndinamva mbale ikukhwekhwerezeka patebulo kubwera mbali yanga, monga mmene ankachitira kale tikamadyera mbale imodzi.

"Ajira," anatero. "Samba m'manja. Tidye."

Ndinasamba, n'kusendera pafupi, ndipo tinadya mpaka mbale inayera.